Laputopu ikakana kuyaka, musathamangire kufomata

Linali Lamlungu madzulo, patatsala masiku anayi kuti tipereke mapulani athu a maphunziro kwa aphunzitsi, pamene laputopu yanga inandikana. Ndinadina batani loyatsira monga mwa masiku onse. Kafani kanayamba kuzungulira, chizindikiro cha kampani chinaoneka, kenako sikirini inada bii, n'kutsala mawu atatu okha pakona: “No bootable device.” Ndinazimitsa n'kuyatsanso, zomwezo. Ndinazula chaja n'kubwezeretsa, zomwezo. Mkati mwa makinawo munali ntchito ya masabata asanu ndi limodzi, manotsi a masemesita awiri, ndiponso zithunzi za ukwati wa achemwali anga zimene kwathu kunalibe wina aliyense amene anazisunga. Laputopuyo ndi yakale, yogula kwa anthu oitanitsa katundu wogwirapo ntchito kunja, ndipo mayi anga anagulitsa matumba a mtedza kuti ndikhale nayo. Ndiye mutha kuona mmene mtima wanga unkagundira usiku umenewo.

Anzanga a mu hositelo anabwera kudzaona, ndipo onse anagwirizana pa mankhwala amodzi: “Kangofomatitse basi iwe.” M'mawa mwake ndinapita nayo kwa wokonza makompyuta wina. Anaiyatsa, n'kuyang'ana mawu aja kwa kanthawi kochepa kwambiri. “Achemwali, apa Windows yawonongeka. Tifomata, tiika ina, 2 koloko mudzatenge.” Nditafunsa za mafayilo anga, anangoti, “Amenewo ndiye muiwale.” Ndinaibweza m'chikwama n'kutuluka. Sindinganame kuti inali nzeru. Ndalama imene anatchula ndinalibe, komanso ndinakumbukira mnzanga wina amene chaka chatha anavomera mawu omwewa, n'kutaya zithunzi zomaliza za malemu bambo ake. Wokonzayo anamupepesa ndithu, koma pepani sapoletsa chilonda.

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa ndikukhulupirira kuti chizolowezi chathu chothamangira kufomata kompyuta ikangovuta n'cholakwika, ndipo chikutiluzitsa ntchito, ndalama, ngakhalenso nzeru. Sindikuti tonse tikhale akatswiri a makompyuta ayi. Ndikuti wophunzira wa pakoleji, makamaka amene mawa adzaime kutsogolo kwa kalasi, ayenera kudziwa kufunsa mafunso atatu asanalole munthu kufufuta disiki yake. Vuto lili pati? Mafayilo anga apulumuka bwanji? Nanga kufomatako kuthetsadi vutoli?

“Yafa” si dzina la matenda

Tikamati laputopu yafa timaunjika matenda osiyanasiyana m'mawu amodzi. Kompyuta siyaka kamodzin'kamodzi. Imadutsa m'masitepe, ndipo sitepe iliyonse imadalira inzake. Poyamba magetsi ayenera kufika kuchokera ku chaja kapena batire. Chachiwiri, pulogalamu yaing'ono imene imakhala m'makina momwemo, yotchedwa BIOS kapena UEFI pa makina atsopanoko, imadzuka n'kufufuza ngati ziwalo monga RAM ndi sikirini zikugwira ntchito. Chachitatu, pulogalamuyo imafunafuna disiki imene ili ndi malangizo oyambitsira Windows. Chomaliza, Windows yeniyeniyo imatsegulidwa. Kufomata kumangokhudza sitepe yomalizayi ndi mbali ina ya yachitatu. Vuto likakhala pa masitepe awiri oyambawo, ngakhale mufomate kakhumi palibe chimene chingasinthe.

Ife a maphunziro a uphunzitsi izi siziyenera kukhala zachilendo kwa ife. Mwana akalephera samu, mphunzitsi wabwino sang'amba kope lonse n'kumuuza kuti ayambirenso Fomu 1. Amatsata mzere ndi mzere mpaka atapeza pamene mwanayo anasochera. Laputopu nayo ndi chimodzimodzi. Yang'anani pamene ikuimira, chifukwa malo amenewo ndiwo akuuzeni chochita.

Ngati palibe kanyale kamene kakuyaka, palibenso phokoso lililonse, ganizirani za magetsi. Yesani soketi ina. Bwerekani chaja cha mtundu womwewo, chokhala ndi mavoti ofanana ndi amene alembedwa pa chaja chanu kapena kunsi kwa laputopu. Zulani chaja, chotsani batire ngati ndi lochotseka, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 30, kenako lumikizani chaja chokha n'kuyatsa. Njira imeneyi imachotsa magetsi otsalira m'makina, ndipo nthawi zina imadzutsa laputopu imene mwini wake anali atailira kale maliro.

Ngati tinyale tikuyaka, fani ikuzungulira, koma sikirini ili bii, walitsani tochi ya foni pafupi ndi sikiriniyo. Mukaona zithunzi mwachizimezime, ndiye kuti kompyuta ili moyo, chafa ndi chowalitsa sikirini basi. Mutha kuilumikizanso ku TV kapena pulojekita ndi chingwe cha HDMI kuti mutsimikize. Malaputopu ambiri amadziulula okha matenda awo: ena amalira kangapo motsatizana, ena amaphethiritsa kanyale ka Caps Lock kapena ka batire. Werengani kuti yalira kapena kuphethira kangati, ndipo fufuzani tanthauzo lake pa tsamba la kampani imene inapanga makinawo pogwiritsa ntchito foni. Kawirikawiri vuto limakhala RAM imene yasuntha pang'ono chifukwa cha kugwedezeka m'chikwama kapena m'minibasi, ndipo kuizula n'kuibwezeretsa bwino kumakwanira.

Ngati chizindikiro cha kampani chikuoneka kenako n'kubwera mawu onena kuti disiki yoyambira siikupezeka, monga zinandichitikira ine, malo oyamba kupita ndi mu BIOS. Mumalowamo podina batani lina mobwerezabwereza laputopu ikangoyatsidwa. Pa Dell, Acer ndi Asus nthawi zambiri ndi F2, pa HP ndi Esc kenako F10, pa Lenovo ndi F1 kapena F2, ndipo ena a Lenovo ali ndi kabatani kapadera m'mbali. Mukalowa, onani zinthu zitatu: kodi disiki yanu ikuoneka pamndandanda, kodi ndiyo ili patsogolo pa zoyambira, ndipo kodi deti ndi nthawi zili zolondola?

Ngati Windows ikuyamba koma n'kuimira panjira, kaya ndi timadontho tozungulira kosalekeza kapena sikirini ya buluu, apa ndiye vuto lili mu Windows. Koma ngakhale pamenepa kufomata si koyamba. Windows ikalephera kuyamba maulendo angapo motsatizana, imatsegula yokha malo okonzera. Mmenemo muli Startup Repair yokonza malangizo oyambira, Uninstall Updates yochotsa zosintha zimene zangolowa kumene, System Restore yobwezera makina mmene analili masiku apitawo, ndi Safe Mode imene imayatsa Windows ndi mapulogalamu ofunikira okhaokha. Zonsezi sizikhudza mafayilo anu. Ngakhale Reset this PC ili ndi chisankho chakuti Keep my files, chimene chimachotsa mapulogalamu koma n'kusiya zolemba ndi zithunzi.

Chimene chinavuta pa yanga

Lachiwiri ndinalimba mtima n'kukagogoda kwa bambo amene amayang'anira labu ya makompyuta. Ndinkachita manyazi chifukwa laputopu yanga ndi yachikale, yothothoka mabatani awiri, koma safunsa anadya phula. Iwo sanaigwire n'komwe poyamba. Anandifunsa kuti, “Kodi masiku apitawa wotchi yake imayenda bwino?” Ndinadabwa, chifukwa kwa mwezi wathunthu nthawi inkasokonekera, ndipo ndinkangoikonza pamanja osaganizapo kanthu. Anandiuza kuti ndilowe ndekha mu BIOS. Deti linali litabwerera zaka zambiri m'mbuyo.

Anandifotokozera kuti m'malaputopu ambiri muli kabatire kakang'ono kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene nthawi zambiri kamakhala ka mtundu wa CR2032. Ntchito yake ndi kusunga nthawi ndi zosankha za mu BIOS makina akazima. Kakatha mphamvu, BIOS itha kuiwala zonse n'kubwerera mmene inachokera ku fakitale. Tsono amene anandigulitsa laputopuyo anaika Windows m'njira yakale yotchedwa Legacy, pamene ku fakitale makinawo anawatchera pa UEFI. BIOS itaiwala, inayamba kufunafuna Windows pakhomo lolakwika. Disiki inali bwinobwino, Windows inali bwinobwino, mafayilo onse analipo. Ndinasintha chosankha chimodzi chokha, n'kusunga, n'kuyatsanso, ndipo chithunzi cha mdzukulu wa mayi anga chimene chili pa sikirini yanga chinatulukira. Zonsezi sizinakwane mphindi khumi. Kabatire katsopano tinakaika Lachisanu.

Taganizirani chikanachitika n'chiyani ndikanavomera Lolemba lija. Ndikanataya zonse, ndikanalipira ndalama, ndipo kabatire kakufako kakanakhalabe mommo, wotchi n'kumasokonekerabe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafayilo poyamba, zina pambuyo

Wina anganene kuti ine ndinangochita mwayi, ndipo n'zoona kuti si vuto lililonse limene limatha mosavuta chonchi. Koma ngakhale Windows itawonongekeratu, mawu akuti “mafayilo muiwale” nthawi zambiri si oona. Windows ndi mafayilo anu zimakhala pa disiki imodzi, koma kufa kwa Windows si kufa kwa mafayilo. Nyumba ikathyoka loko, katundu amene ali mkati satha.

Pali njira ziwiri zodziwika zolowera. Yoyamba ndi fulashi yokhala ndi Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint. Mapulogalamu amenewa ndi aulere, ndipo atha kuyaka kuchokera pa fulashi pomwepo popanda kuika chilichonse pa disiki yanu. Mumalowetsa fulashi, mumasankha kuyambira pamenepo, pa Dell ndi Lenovo podina F12, pa HP podina F9, kenako mumasankha kungoyesa osati kuika. Ikatseguka mumaona mafoda anu n'kuwakopera pa fulashi ina kapena disiki yakunja. Njira yachiwiri ndi kuchotsa disikiyo, ngati ndi yochotseka, n'kuiika m'kabokosi kolumikizira pa USB kuti muiwerenge pa kompyuta ina.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala nazo. Choyamba, ngati disiki yanu ndi ya mtundu wakale wozungulira ndipo ikumveka kuti ke-ke-ke mobwerezabwereza, izimitseni, chifukwa kuiyatsayatsa kumangoonjezera chilonda. Imeneyo ndi ya akatswiri. Chachiwiri, malaputopu ambiri atsopano amabwera disiki ili yokhoma ndi BitLocker kapena chitetezo chofanana nacho, mwini wake osadziwa n'komwe. Disiki yotere siiwerengeka popanda kiyi wa manambala 48, amene nthawi zambiri amasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene munalowera nayo poyamba. Ngati laputopu yanu ikugwira ntchito lero, lowani mu akauntiyo, pezani manambalawo, ndipo muwalembe m'kope. Musadikire tsiku la tsoka.

Dziwaninso kuti kufomata kukachitika, kubweza mafayilo kumavuta kwambiri. Pa disiki yakale yozungulira mwina ena angapezeke ngati Windows yatsopano sinawalembe pamwamba. Pa SSD, imene ili m'malaputopu ambiri masiku ano, makina amayeretsa okha malo a zinthu zofufutidwa, ndipo mwayi umachepa zedi. N'chifukwa chake funso la mafayilo liyenera kubwera kufomata kusanachitike.

Kuti muone kuti nkhaniyi si ya ife ophunzira osauka tokha, kumbukirani zimene zinachitika pa 19 Julaye 2024. Kampani ya ku America yoteteza makompyuta, CrowdStrike, inatumiza fayilo yolakwika ku makompyuta a makasitomala ake, ndipo Microsoft inanena kuti makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni a Windows anakhudzidwa. Ambiri ankangoonetsa sikirini ya buluu n'kumayambiranso kosalekeza. Maulendo a ndege analephereka, mabanki ndi zipatala m'mayiko ambiri zinasokonekera. Kodi mankhwala anali kufomata makompyuta onsewo? Ayi. Anali kulowa mu Safe Mode kapena malo okonzera aja n'kufufuta fayilo yolakwikayo. Amene anavutika nthawi yaitali ndi amene disiki zawo zinali zokhoma koma kiyi wa BitLocker sankamupeza msanga. Akatswiri a makampani akuluakulu anayamba ndi kufunsa kuti vuto lili pati. Nanga ife tithamangiranji?

Pamene kuikanso Windows kuli kofunikadi

Sindikukana kuti nthawi zina kuika Windows yatsopano ndiyo njira yokhayo. Disiki ikafa n'kugula ina, kapena mavairasi akalowerera moti makina sangadalirikenso, palibe kuchitira mwina. Koma apanso anzathu ambiri amakakamira panjira, n'kuganiza kuti laputopu yatheratu, pamene vuto ndi laling'ono.

Ena amangokopera fayilo ya Windows pa fulashi ngati nyimbo, n'kumadabwa kuti siikuyaka. Fulashi yoikira Windows imayenera kukonzedwa ndi pulogalamu yake, kaya Media Creation Tool ya Microsoft kapena Rufus, ndipo ikhale yosachepera 8 GB. Zonse zimene zinali pa fulashiyo zimafufutika, choncho musagwiritse ntchito yomwe mwasungirapo mafayilo aja. Ena amalephera chifukwa fulashi yawo ili mu FAT32, imene siilandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB, pamene fayilo yaikulu ya mu Windows ya masiku ano imapitirira pamenepo. Mapulogalamu awiri ndatchulawa amadziwa kuzemba vuto limeneli.

Ena amafika pakati n'kulandira uthenga wakuti Windows siingaikidwe pa disiki imeneyi chifukwa ndi ya GPT, kapena chifukwa ndi ya MBR. Amenewa ndi mayina a njira ziwiri zogawira disiki. GPT imayendera limodzi ndi UEFI, MBR imayendera limodzi ndi Legacy. Uthengawo ukungotanthauza kuti mwayatsa fulashi m'njira yosagwirizana ndi disiki yanu. Bwererani, sankhani njira inayo, ndipo nthawi zambiri vuto limatha popanda kufufuta kanthu. Enanso, makamaka a malaputopu atsopano a Intel, amafika posankha disiki n'kupeza mndandanda uli mbee. Disiki siinafe. Pulogalamu yoikira Windows ikusowa dalaivala wa Intel Rapid Storage Technology, amene mungamutenge pa tsamba la kampani ya laputopu yanu, n'kumuika pa fulashi, n'kumulozera podina Load driver.

Ndipo pali chinthu chimene okonza ambiri satiuza. Mukaika Windows pa gawo lomwelo la disiki popanda kudina Format kapena Delete, mafayilo akale amasamutsidwira mu foda yotchedwa Windows.old. Mutha kuwatengamo, bola musachedwe chifukwa fodayo siikhala mpaka kalekale. Ichi si chifukwa chosiyira kukopera mafayilo poyamba, koma chikuonetsa kuti kuikanso Windows ndi kufomata si chinthu chimodzi.

Nkhani ina imene ikutikhudza ambiri a ife ndi ya zaka za makina athu. Microsoft inasiya kupereka thandizo lanthawi zonse la Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imafuna RAM yosachepera 4 GB, disiki yosachepera 64 GB, UEFI yotha kugwiritsa ntchito Secure Boot, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa yatsopanoko, imene pa Intel nthawi zambiri ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Malaputopu ambiri ogwirapo ntchito amene timagula safika pamenepo. Choncho Windows 11 ikakana kulowa, laputopu yanu siinawonongeke. Yangokalamba pamaso pa Microsoft. Pali njira zozembera malamulowa, koma Microsoft siilonjeza kuti makina otere azilandira zosintha zonse. Kwa wophunzira amene ntchito yake ndi kulemba, kuwerenga ndi kufufuza pa intaneti, Linux Mint ndi LibreOffice zimagwira ntchito imeneyi mwaulere, ngakhale pa makina akale. Ine ndaganiza zosamukira kumeneko tchuthi chikubwerachi, nditakopera kaye mafayilo anga.

Chenjeraninso ndi Windows yothyoledwa imene ena amatiikira pamodzi ndi timapulogalamu toinamiza kuti inalipiridwa. Imaoneka yabwino tsiku loyamba, koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Timapulogalamu totere ndi khomo lodziwika lolowera mavairasi, ndipo pa laputopu yomweyo ndi pamene timalowera mu imelo ndi maakaunti athu. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri kuba kumeneku kumakhala kosafunikira n'komwe. Kuyambira nthawi ya Windows 8, malaputopu ambiri ogulitsidwa ndi Windows amakhala ndi kiyi wa laisensi wosungidwa m'makina momwemo. Mukaika mtundu womwewo umene unalipo, kaya Home kapena Pro, imadzitsimikiza yokha ikalumikizidwa pa intaneti.

Zimene anzanga amanditsutsa nazo

Nditayamba kulankhula za nkhaniyi mu hositelo, mnzanga wina wa maphunziro a zamalonda anati, “Iwe, ife si a makompyuta. Aliyense ndi ntchito yake.” Ndikumumvetsa. Koma ngakhale amene si dokotala amadziwa kusiyanitsa mutu wa njala ndi malungo, ndipo amadziwa kuti asanamwe mankhwala a malungo ayenera kuyezetsa magazi. Zimene ndafotokoza pamwambapa sizifuna digiri. Zimafuna kuwerenga uthenga umene uli pa sikirini, kuujambula ndi foni, ndi kufunsa tanthauzo lake. Ambiri a ife timagwiritsa ntchito laputopu maola ambiri tsiku lililonse, ndipo maphunziro athu onse ali mmenemo. Si chinthu choti tingachisiye m'manja mwa ena osadziwako ngakhale pang'ono.

Wina anati kugwiragwira BIOS n'koopsa, munthu utha kuononga zambiri. Apa pali choonadi. Mukasintha njira imene disiki imalumikizirana ndi makina, mwachitsanzo kuchoka pa RAID kupita pa AHCI, Windows itha kukana kuyamba ngakhale inali bwino. Pa disiki yokhoma, kusintha zina kungachititse kuti makina afune kiyi uja. Koma yankho la ngozi imeneyi si umbuli, ndi dongosolo. Jambulani sikirini musanasinthe kanthu. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Chikapanda kuthandiza, chibwezereni mmene chinalili musanayese china. Musatsegule makina ali pa chaja, ndipo ngati akadali pa waranti musawatsegule n'komwe. Zikafika pa batire lotupa, fungo la kupsa, kapena madzi otayikira mkati, imani pomwepo mukapeze katswiri.

Wachitatu anati ndikuwononga malonda a okonza makompyuta, amenenso akufuna kudya. Si cholinga changa. Ndikudziwa chifukwa chake ambiri amathamangira kufomata: kumatenga nthawi yodziwika, mtengo wake ndi wodziwika, ndipo kasitomala amachoka ndi makina oyaka. Kufufuza matenda kumatenga nthawi, ndipo ife makasitomala sitifuna kulipira munthu amene wangosintha chosankha chimodzi, ngakhale kuti kudziwa chosankha chimenecho ndiye ukatswiri weniweniwo. Ndiye mlandu tigawane. Ngati tikufuna okonza amene amayamba apulumutsa mafayilo, tiyenera kufunsa ntchito imeneyo ndi kuvomera kuilipira. Wokonza wabwino sangakwiye mukamufunsa kuti disiki ikuoneka mu BIOS kapena ayi. Amene angakwiye ndi funso limeneli, nyamulani laputopu yanu mupite kwina.

Phunziro limene linandiwawa

Pa zonsezi, mlandu waukulu unali wanga. Ntchito ya masabata asanu ndi limodzi inali pamalo amodzi okha. Ndikanakhala ndi kope lina, usiku wa Lamlungu uja ndikanagona tulo. Akaunti ya Google imapereka malo a 15 GB mwaulere, OneDrive imapereka 5 GB. Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula, koma asayimenti yolembedwa mu Word nthawi zambiri imachepa kuposa kavidiyo kamodzi kamene timatumizirana pa WhatsApp osaganiza kawiri. Amene alibe bandulo atha kugwiritsa ntchito fulashi, kapena kudzitumizira fayilo pa foni ndi chingwe. Chofunika n'chakuti ntchito iliyonse yofunika ikhale pamalo awiri kapena atatu, ndipo malo amodzi asakhale m'chikwama chomwecho chimene muli laputopu, chifukwa wakuba ndi mvula satenga chinthu chimodzi n'kusiya chinzake. Ine tsopano ndimakopera Lachisanu lililonse masana, ntchito za sabata zikatha.

Chinanso, musalole laputopu kuyamba kuika zosintha zikuluzikulu batire lili lochepa, makamaka ngati batire lanu ndi lija lozima magetsi akangothima. Kuzima pakati pa ntchito imeneyi ndi njira imodzi yodziwika yowonongera Windows.

Chifukwa chake izi zikukhudza aphunzitsi a mawa

Ku sekondale kumene ndinaphunzira kunali chipinda cha makompyuta, ndipo pakona pake panali mulu wa makina okutidwa ndi nsalu amene tonse tinkangoti ndi akufa. Palibe wa ife amene anafunsapo kuti anafa ndi chiyani. Lero ndimadzifunsa kuti mwa amenewo, ndi angati amene ankangofuna kabatire kozungulira kaja, kapena RAM yoti izulidwe n'kubwezeretsedwa. Ife tinkakhala anthu angapo pa kompyuta imodzi, kulimbirana mausi, makina ena ali pansi pa nsalu.

Ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzatumizidwa ku masukulu akumidzi, kutali ndi wokonza makompyuta aliyense. Kumeneko mphunzitsi wachinyamata wochokera ku koleji ndiye amene aliyense adzamuyang'ane kompyuta ya ku ofesi ikadzakana kuyaka, muli mayina ndi malikisi a ana a sukulu yonse. Kaya munaphunzira kuphunzitsa Chichewa kapena Biology, adzakuitanani ndinu. Tsiku limenelo mudzanena chiyani? Mukadzati “fomatani,” mwina mudzafufuta ntchito ya zaka. Mukadzati “tiyeni tione kaye pamene ikuimira,” mudzapulumutsa ntchitoyo, ndipo ana amene adzakhale akukuonerani adzaphunzira kuti vuto amalifufuza, salithawa.

Choncho ndili ndi pempho kwa anzanga ndi kwa atsogoleri a bungwe lathu la ophunzira. Tiyeni tipemphe masana amodzi pa semesita kuti amene amadziwa za makompyuta pakati pathu aphunzitse ena zinthu zoyambirirazi, pogwiritsa ntchito makina enieni ovuta, osati pa bolodi pokha. Hositelo iliyonse ikhale ndi fulashi imodzi ya Linux ndi ina yoikira Windows, zosungidwa ndi munthu wodziwika, kuti wina akagwa m'vuto usiku asayambe kutsitsa mafayilo akuluakulu ndi bandulo yake. Sizifuna ndalama zambiri. Zimafuna anthu ochepa odzipereka.

Kwa inu makolo ndi abale amene mumadzimana kuti mutigulire makina amenewa, mwana akakuimbirani foni kuti laputopu yafa ndipo pakufunika ndalama yofomatira kapena yogulira ina, musatumize msanga. Mufunseni kuti ikuonetsa chiyani pa sikirini, kuti mafayilo ake ali kuti, ndiponso kuti wafunsa kale ndani. Mayi anga sadziwa kuti BIOS n'chiyani, koma nditawafotokozera nkhani yonse anangoti, “Ndiye ukanawotcha nkhokwe chifukwa cha khoswe mmodzi?” Mapulani aja ndinapereka Lachinayi, pa nthawi yake, ndipo zithunzi za ukwati wa achemwali anga tsopano zili pamalo atatu.